Njinga Zinayi Kumbuyo kwa Nkhono

Khalani pansi, ana inu. Tinashe, bweza foniyo m'thumba, chithunzicho ndachiona kale kawiri. Mwabwera muli wefuwefu kuti ku Chipinge mwaona zodabwitsa: galimoto ya makatani ndi chitseko ngati nyumba, ikukoka kagalimoto kena, pakati pake atapachikapo njinga. Tariro akuti ndi alendo a ku Joni, akupita kukaona mitengo ya m'nkhalango ya Chirinda. Chabwino. Koma musandifotokozere ngati munthu amene sanapondepo phula. Ine sekuru wanu, agogo anu aamuna, amene mumandiseka kuti sinditha kuyankha foni, chinthu chotero ndinachiyendetsapo ndi manja awa, kuchokera ku Honde mpaka kuno.

Mukuseka? Sekani, koma mundiseke m'Chinyanja, osati Chindau chanu chothamangacho, kuti nanenso ndimveko.

Ine ndinabadwira ku Honde, m'komboni ya pa esiteti ya tiyi, kupitirira Samanga. Bambo anga anachokera ku Mulanje pa njinga. Inde, pa njinga. Anadzera kwa Apwitikizi, nawoloka Zambezi njingayo ili m'bwato, iwo ataikumbatira ngati mbuzi yofuna kudumpha. Inali yakuda, yolemera, mabuleki ake a zitsulo, osati tizingwe ta masiku ano timene timaduka mukangotiyang'ana. Njinga imeneyo inapereka amayi kuchipatala tsiku lobadwa ine. Inkapita kuchigayo, inkanyamula mikoko ya nthochi, ndipo m'komboni mukamwalira khanda, kabokosi kake kankapita kumanda pa kaliyala wake. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, bambo ankaigadamiza, n'kumapukuta sipoko imodziimodzi ndi kansanza ka mafuta. Ana sitinkaloledwa ngakhale kuliza belu. Ine ndinaphunzira kupalasa mobisa, mwendo nditaulowetsa pansi pa chitsulo chapakati chifukwa pachishalo sindinkafika. Chipsera ichi chili pabondo ndi cha nthawi imeneyo. Bambo atamwalira, njinga inakhala yanga.

Ku Honde simunapiteko bwino inu, munangopita kumaliro muli aang'ono. Kumeneko nkhungu imatsika m'mapiri m'mawa n'kukuta tiyi yense, othyola n'kumangooneka mitu ndi madengu. Tinkadya madumbe owiritsa a mchere, amene kwathu amati koko, ndipo nthochi zinkachuluka mpaka nkhumba kuzikana. Tiyi amene tinkamwa ife anali fumbi lotsalira ku fakitale, koma ndikuuzeni, timatumba tanu ta ulusi timene mumaviika m'kapu sitifikapo.

Ntchito ndinayambira kuthyola tiyi, koma manja anga anali aulesi pa masamba. Kapitawo anatopa nane, nanditumiza ku galaja kuti ndizikatsuka masipanala. Kumeneko ndi kumene ndinapeza mutu wanga. Mkulu wa makina anali mzungu wina amene tinkamutcha a Mandevu. Anagwirapo ntchito ku Thyolo, choncho Chinyanja ankachiyankhula, ngakhale ankachitafuna ngati chimanga chosapsa. Iyeyo anandiphunzitsa kuwotcherera zitsulo ndi kuyendetsa lole.

Mnzanga wapamtima anali Yohane Banda, woyendetsa thirakitala. Munthu wankhani, woimba ngakhale injini ikulira. Iyeyu anali ndi njinga yobiriwira, yatsopano, ya kagalasi pa handulo, ndipo ankaikongoletsa ndi ulusi wofiira ngati mkwatibwi. Anakwatira mtsikana wa kuno ku Chipinge, mwana wa mpostoli wina wochokera kwathu ku Malawi. Dzina lake Esnati.

Inde, Tariro, Esnati yemweyo, malemu agogo anu. Usatong'ole maso, dikira.

Esnati atakhala ndi pakati poyamba, anabwerera kwa amayi ake kufupi ndi Chirinda kuti akachirire kumeneko. Ali konko, mvula ili pakati, Yohane anadwala malungo aja okwera kumutu. Masiku anayi okha. Tsiku lachitatu nzeru zitabwerako pang'ono, anandigwira dzanja.

"Alifeyo, njinga ija usalole kuti aliyense aitenge. Ukapereke kwa mwana wanga."

"Ukapereka wekha, iwe," ndinatero ine.

"Usandinamize ngati mwana. Walonjeza?"

Ndinalonjeza. Tinamuika m'manda mkazi wake kulibe, chifukwa uthenga unamupeza ali ndi khanda la masiku awiri. Masiku amenewo kunalibe zoti kungodina foni. Nkhondo ya ufulu wa dziko lino inali isanathe, misewu inali yoopsa, kalata inkayenda milungu. Njingayo ndinaipachika kudenga m'nyumba mwanga. Chaka chinatha, china chinayamba. Ndikadzuka m'mawa kagalasi kake kankandiyang'ana, ine n'kumayang'ana kumbali.

Tsopano za galimoto ya nyumba ija. A Mandevu sanagule yawo ngati alendo anuwo. Anatenga basi yaing'ono yakale imene inafera kuseri kwa galaja, ndipo tinaikonza Loweruka lililonse kwa zaka zitatu. Tinachotsa mipando, tinaikamo bedi, kabati, chitofu cha gasi, thanki ya madzi pamwamba, ngakhale kachimbudzi. Dona, mkazi wawo, anasoka makatani a maluwa. Anthu a m'komboni anaitcha Nkhono, poti inkasenza nyumba yake yomwe, komanso sinkadziwa kufulumira.

Nkhondo itatha, a Mandevu anawasamutsira ku fakitale ya kuno. Anati ndipite nawo, ndikakhale makaniko wawo. Diso lawo lina linali litalowa kachitsulo, moti msewu wa m'mapiri sankauona bwino, ndipo dona ankaopa zitunda za ku Honde ngati njoka. Choncho woyendetsa anali mmodzi, ine, koma magalimoto awiri: Nkhono ndi kagalimoto koyera ka dona. N'chifukwa chake tinaganiza zokoka.

Kukoka galimoto si kumangirira chingwe ayi, Tinashe, monga amachitira a makombi, maminibasi anu aja, akathera mafuta panjira. Tinapanga chitsulo cha miyendo iwiri, ngati phanda la legeni. Miyendo iwiriyo inagwira kutsogolo kwa kagalimoto, mutu wake n'kukola kumbuyo kwa Nkhono. Tinaonjezera tcheni kuti chitsulo chikathyoka, kagalimoto kasapite kokha kukalonjera anthu kuphompho. Giya tinaichotsa, kiyi n'kumusiya momwemo kuti chiwongolero chisakhome, matayala azitsatira okha pokhota. Tinakokanso mawaya kuti ndikaponda buleki kutsogolo, nyali zofiira ziziyaka kumbuyo kwenikweni. Ndipo lamulo lalikulu linali limodzi: ukakoka chotero, kubwerera m'mbuyo kulibe. Ukangoyesa, chitsulo chimapindika.

Vuto linadza pa njinga. A Mandevu ndi dona anali ndi zawo ziwiri, ndipo kumbuyo kwa Nkhono tinali titawotchererako choikapo njinga, pamwamba pa chokokera chija. Ine ndinabwera ndi ziwiri zina, ya bambo anga ndi ya Yohane.

"Alifeyo, malo ndi a njinga ziwiri," anatero a Mandevu. "Iwe uli ndi matako angati?"

Ndinawafotokozera za Yohane. Ankamudziwa, anavula chipewa pang'ono, koma anapukusabe mutu. Tinayesa nzeru zonse. Pamwamba pa Nkhono panali thanki, komanso nthambi za m'njira zikanazikokolola. Kutsogolo zikanatseka mphepo, injini n'kuwira pa chitunda choyamba. M'kagalimoto munali mutadzaza mabokosi ndi makina osokera, pamwamba pake matiresi. M'kati mwa Nkhono dona anakaniratu: mbale zake zadothi, nsalu zake zoyera, ayi, matayala amatope asalowemo.

"Ndichitalikitsa choikapocho, bwana," ndinatero.

"Ukachitalikitsa, njinga yomaliza ipsompsonana ndi galimoto ya dona pokhota."

"Tiyese."

Ndinawotcherera masiku awiri. Kenako tinapita pabwalo la mpira, ndinazungulira kumanzere, kumanja, ana a m'komboni akuthamangira m'mbuyo. Njinga yomaliza inkayandikira boneti mpaka kutsala mpata wa chikhatho chimodzi, koma sinagunde. A Mandevu anayeza ndi dzanja lawo nati, "Chabwino. Koma bwalo la mpira si Honde. Ikaphwanyika, usadzandilirire."

Amayi anga ankatsala ku Honde ndi mlongo wanga. M'mawa wa ulendo anabwera ndi madumbe m'kansalu, nandikokera pambali.

"Ya bambo ako uiike m'katikati. Wamva? Inawoloka Zambezi imeneyo."

"Ndamva, amayi."

Ndipo ndinachitadi zimenezo. Ziwiri za azungu poyamba, ya bambo yachitatu, ya Yohane kunja. Ndinakulunga masaka pakati pake kuti zisakhulane, ndinamanga ndi malamba a chubu. Amayi ataona anakhutira, anapita kukatsanzikana ndi dona. Ine ndinatsala ndikuyang'ana njinga yobiriwira ija ili kumapeto, ulusi wake wofiira ukugwedera pamwamba pa boneti. Ndinaganiza za kukaima pamaso pa mkazi wamasiye ndi chinthu chopindika, n'kumati pepani, ndinayesetsa. Ndinamasula malamba onse, n'kuzisinthanitsa. Ya bambo inapita kunja. Ndinaponyapo saka kuti amayi asaone.

Tinanyamuka komboni yonse ikukweza manja. Pa Hauna anthu anasiya malonda awo n'kumatiloza. Kenako tinayamba kukwera. Inu mumadziwa chitunda cha pa sitolo apa n'kumati n'chachikulu. Msewu wotuluka m'Honde umapindika ngati matumbo a nkhuku, uku phiri, uku phompho loti nthochi za pansi zimaoneka ngati udzu. Nkhono inkalira pa giya yoyamba, munthu woyenda pansi akanatipitirira. Pokhota paliponse ndinkatenga patali, maso pagalasi, ndikuona kagalimoto koyera kakutsatira ngati mwana wa ng'ombe. Tinakhota kasanu, kasanu ndi kamodzi, bwinobwino. Ndinayamba kuimba mluzu.

Pafupi ndi pamwamba panali pokhota pena pothina, pomwe mvula inakokolola msewu n'kusiya chidikha. Nditangolowapo, basi inatulukira kutsogolo, ikutsika, yodzaza mpaka padenga. Ndinalibe kochitira koma kukhotera m'kati. Matayala akumbuyo a Nkhono anatsikira m'chidikha muja, kumbuyo konse kunagwada, pamene kagalimoto kanali kakadali pamwamba. Ndinamva khwaa! Kenako galasi kusweka.

Ndinaimika. Ndinatsika kukaona. Njinga ya bambo inali itakanirira pakati. Tayala lakutsogolo linapindika ngati chitenje chofinyidwa, felemu inathyoka pakhosi, chopalasira chinalowa m'nyali ya kagalimoto, handulo n'kukanda boneti mzere wautali. Zitatu zinazo zinalibe ngakhale kachikanda.

Dona anatuluka akukuwa m'Chingerezi, akuloza nyali yake. Anthu a m'basi anatsika kudzaonerera. Kubwerera m'mbuyo sikukanatheka, choncho tinaika miyala kumatayala, tinamasula chokokera, amuna asanu ndi mmodzi a m'basi anakankhira kagalimoto m'mbuyo, ndipo njinga inagwa pansi yokha, belu lake n'kulira kamodzi.

A Mandevu sanandikalipire. Anangoti, "Ndinakuuza. Iponye kumbali, tizipita. Yatha imeneyo."

Ine sindinaiponye. Ndinainyamula, ndinakhala nayo pamwala m'mbali mwa msewu. Ndinali mwamuna wa ndevu zanga, ana inu, koma ndinalira pamaso pa basi yonse. Mayi wina wa m'basimo, wa mtundu wa Chimanyika, anati, "Maiwe, wapweteka?" Wina anamuyankha kuti ayi, akulirira njinga. Ena anaseka.

Dona analeka kukuwa. Ndinamva akufunsa mwamuna wake, iye n'kumamufotokozera motsitsa mawu, akuloza yakuda, akuloza yobiriwira. Dona ameneyo ndinagwira naye ntchito zaka zambiri osamvapo akutchula dzina langa molondola. Anapita kukatsegula chitseko cha Nkhono, anachotsa nsalu yoyera pabedi, anayalapo bulangeti, nabwera kudzaima patsogolo panga.

"Alifeyo," anatero. "Lowetsa."

Ndi mawu okhawo a Chinyanja amene ndinawamva pakamwa pake moyo wanga wonse. Njinga ya bambo anga inayenda ulendo wotsalawo itagona pabedi la mzungu, ikudontheza mafuta.

Zitatsala zitatu, mpata unakwanira, ndipo sizinagundenso. Potsikira ku Mutare mabuleki ananunkha ngati chikopa chopserera, chifukwa kagalimoto kankatikankha kumbuyo, ndipo tinaima kawiri kuti azizire. Apolisi anatiimika, osati chifukwa cha mlandu, ankangofuna kuona chimbudzi cha m'galimoto. Mmodzi anaitana mnzake kuti adzaone madzi akutuluka pampopi. Tinagona ku Mutare, m'mawa tinadutsa ku Nyanyadzi, kotentha, kwa milambe yokhayokha, ine mwana wa m'nkhungu thukuta lili kamukamu. Madzulo dzuwa lisanalowe tinaona tiyi wa kuno, ndipo mtima unakhala pansi.

Njinga ya bambo ndinaiwotcherera kawiri, kawiri konse inathyokanso pomwepo. Amayi ndinawalembera kalata yoona, sanayankhe. Nditapita pa Khirisimasi anandipatsa madzi, anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Bambo ako akanachita chimodzimodzi. Koma akanayamba akumenya kaye." Nkhani inathera pomwepo.

Koma ndadumpha. Lamlungu loyamba nditafika kuno, ndinapukuta njinga ya Yohane, ndinapopa matayala, n'kuuyamba wa ku Chirinda. Sindinaikwere. Ndinali ndisanaikwerepo chimwalirire mwini wake, ndiye ndinaikankha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Ndinapeza bambo a Esnati atangobwera kumapemphero, mkanjo woyera, mutu wometa mpala, ndodo m'manja. Esnati anali kuseri akusinja. Atamva kulira kwa tcheni anatuluka, mwana ali m'chiuno. Sanayang'ane ine ayi. Anapita pa njinga, anagwira ulusi wofiira uja. Anali ataluka yekha. Anakhala pansi pomwepo, nalira maliro amene sanawalire ku Honde.

Atatonthola anandifunsa kuti ndabwera nayo bwanji. Ndinafotokoza mwachidule, za bambo anga sindinatchule. Koma nkhani za pa esiteti zimayenda mofulumira kuposa Nkhono. Bambo ake anali atamva kale kwa woyendetsa lole wina.

"Achimwene," anatero mkulu uja, "tamva kuti mwatsala opanda njinga chifukwa cha iyi. Mwanayu ndi khanda, mayi wakeyu satha kupalasa. Itengeni muziyendera, mudzabweza akakula."

"Ayi, bambo. Ndinauzidwa kuti ndidzapereke, ndapereka."

"Nanga izingodya dzimbiri?"

Pamenepo Esnati anapukuta maso nati, "Siidya dzimbiri. Andiphunzitse ineyo."

Bambo ake anakhosomola. Masiku amenewo mkazi wa pa njinga anthu ankatuluka m'nyumba kudzamuona. Koma inu agogo anu munawadziwa atakalamba, maondo atatupa, akuyenda ndi ndodo. Simunawaone ali mtsikana. Akanena chinthu, ngakhale mpostoli wa ndodo ankangoyang'ana kumwamba.

Choncho Lamlungu lililonse masana ndinkayenda ulendo uja. Tinkapita pa kamsewu ka pakati pa minda, kumene lero anadzalako makadamiya, mng'ono wawo wamkazi atakhala pachulu kutilondera. Ine ndinkagwira kaliyala n'kumathamanga m'mbuyo, iwo akukhotakhota, akundikalipira ngati ndine ndikugwedeza msewu. Anagwera m'ngalande, anagwera paminga, tsiku lina anagunda mbuzi ya eni. Kulira ayi. Ankangodzuka, kukonza duku, n'kuti, "Gwiraninso."

Tsiku lina mng'ono wawo uja sanabwere, ndipo mwana analibe womugwira. Tikamuika pansi ankalira, kufuna kutsatira amake. Agogo anu anamasula nsalu, nandipatsa.

"Berekani."

"Ine? Anthu aziti chiyani?"

"Aziti mwabereka mwana. Tembenukani."

Anandimangirira mwana kumsana, mfundo pachifuwa. Amuna ena ochokera kumowa anaima panjira n'kumagwa nacho chiseko: makaniko wa a Mandevu, wa ndevu zake, akuthamangira njinga ndi khanda kumbuyo. Ndi katundu ameneyo sindikanatha kuthamanga kwambiri. Pa kamtsetse kena njinga inandipulumuka m'manja. Agogo anu sanadziwe. Ankangokuwa kuti, "Musasiye! Musasiyetu!" ali kutali kale, msana uli chilili, mpaka anakhota kuseri kwa mitengo.

Ndinaima pakati pa msewu ndikupuma movutikira. Patapita nthawi anatulukira akupalasa okha, akukwera kamtunda, nkhope ili ngwee ndi ukali ndi chimwemwe pamodzi. Anaima patsogolo panga, phazi limodzi pansi ngati munthu wozolowera.

"Munasiya liti?"

"Kalekale."

"Osanena?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Munthu wotere ngofunika kumuyang'anira pafupi."

Tinakwatirana tiyi ataphukanso kachiwiri, bambo awo atandizunguza mokwanira ndi mafunso a za mpingo.

Tsopano iwe, Tinashe. Unandifunsapo uli ku pulayimale chifukwa chake iwe umalembedwa Banda pamene Tariro ndi Phiri ngati ine, ine ndinakuuza kuti ukafunse agogo ako, iwonso anakubweza kwa ine. Mwana ndinabereka tsiku limenelo ndi bambo ako. Polembetsa dzina lake, kalaliki anafunsa kuti alembe Phiri, ine ndinati ayi, lembani Yohane Banda, mwini dzina asafe kawiri. Bambo ako amadziwa zonsezi, tinawauza ali ndi zaka khumi, ndipo anangofunsa ngati azipitiriza kunditcha bambo.

Koma chimene sindinawauze ndi ichi. Pamene amake ankabwerera pa njinga paja, ndinamva kumsana kwanga kukufunda, kenako kutsikira m'chiuno mpaka m'kabudula. Anali atandikodzera, iye ali m'tulo, kadzanja katagwira khutu langa. Kuyambira tsiku limenelo sindinamuonenso ngati mwana wa munthu wina.